Wakhoza, Koma Mapepala Ako ndi Osakwanira

Anzanga, makamaka inu a Fomu 4 amene tikusowera limodzi tulo chifukwa cha MSCE, taimani kaye pabolodi pano ndikuuzeni za mayeso ena. Ku Iran kuli mayeso olowera ku yunivesite otchedwa konkur. Ana a kumeneko amawaopa monga momwe ife timaopera athuwa. Amawerenga mpaka pakati pa usiku, makolo amawononga ndalama zambiri pa maphunziro apadera, ndipo zotsatira zikatuluka aliyense amathamangira pa intaneti, kulemba nambala yake mtima uli m'mwamba. Wina wakhoza, wina walephera, monga zimakhalira kulikonse. Koma pali ana ena amene chaka ndi chaka sapeza malikisi ayi. Amangopeza uthenga wakuti mapepala awo ndi osakwanira. Akapita ku ofesi ya mayeso kukafunsa pepala limene likusowalo, palibe amene amalitchula, chifukwa palibe pepala limene likusowa. Vuto ndi lakuti anawo ndi Abaha'i.

Mwina dzinali ndi lachilendo kwa ena. Chipembedzo cha Baha'i chinabadwira ku Iran komweko, dzikolo likutchedwabe Persia. Mu 1844 mnyamata wina wamalonda wa mumzinda wa Shiraz, amene anadziwika ndi dzina lakuti Báb, anayamba kulalikira kuti kukubwera mtumiki watsopano wa Mulungu. Anamupha pomuombera mfuti ku Tabriz mu 1850, ndipo omutsatira ake ambirimbiri anaphedwanso. Mmodzi mwa otsalawo, Bahá'u'lláh, ananena mu 1863 ali ku Baghdad kuti mtumiki uja ndi iyeyo. Apa n'kuti atamuthamangitsa kale kwawo, ndipo anapitiriza kumusamutsa, ku Constantinople, ku Adrianople, mpaka kundende ya mumzinda wa Akka. Anamwalirira kufupi ndi mzindawo mu 1892. Lero Abaha'i ali m'mayiko ambiri, ndipo kuno ku Malawi aliponso. Ku Iran amawerengedwa kuti ndi pafupifupi 300,000, ndipo pa zipembedzo zonse za kumeneko zimene si Chisilamu, chawo ndicho chili ndi anthu ambiri.

Nanga analakwa chiyani? Atsogoleri achipembedzo amene akulamulira Iran amati pambuyo pa Mtumiki Muhammad sipangabwerenso mtumiki wina, choncho Chibaha'i amachiona ngati mpatuko. Kukhulupirira zimenezo ndi ufulu wawo. Ngakhale pasukulu pano timasiyana pa za Mulungu, ndipo nthawi yopuma timatsutsana mpaka belu kulira, kenako n'kubwerekana zolembera ngati palibe chachitika. Ine ndikunena za boma limene limatenga mkangano wa chikhulupiriro n'kuusandutsa lamulo, apolisi ndi ndende. Anzanga Achisilamu musandimvere m'mphepete. Muona kutsogoloku kuti ena mwa anthu amene aika moyo wawo pachiswe poteteza Abaha'i mkati mwa Iran ndi Asilamu omwe.

Nkhanzazi zinalipo ndithu ngakhale nthawi ya mafumu, mwachitsanzo sukulu za Abaha'i zinatsekedwa mu 1934. Koma zinthu zinafika poipa mu 1979, mfumu ya dzikolo itathawa, Ayatollah Khomeini n'kutenga ulamuliro. Malamulo aakulu atsopano, m'ndime 13, anavomereza zipembedzo zitatu zokha pambali pa Chisilamu: Chikhristu, Chiyuda ndi Chizoroasta. Abaha'i sanatchulidwemo. Chaka chomwecho nyumba ya Báb ku Shiraz, malo opatulika kwa iwo, inagumulidwa. Mu August 1980 anthu onse 9 a bungwe lotsogolera Abaha'i m'dzikolo anagwidwa ali pamsonkhano, ndipo mpaka lero sanaonekenso. Anasankhidwa ena 9 olowa m'malo mwawo, ndipo mu December 1981 anthu 8 mwa iwo anaphedwa. Onse pamodzi, Abaha'i oposa 200 anaphedwa, ambiri a iwo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ogwira ntchito m'boma anachotsedwa, penshoni zawo kulandidwa, ena mpaka kuuzidwa kuti abweze malipiro amene analandira zaka zam'mbuyo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya pa 18 June 1983, pamene azimayi ndi atsikana 10 ananyongedwa ku Shiraz usiku umodzi. Wamng'ono pa onsewo anali Mona Mahmudnizhad, wa zaka 17. Zaka 17, anzanga, msinkhu wa ambirife pano. Mlandu wake waukulu unali wakuti ankaphunzitsa ana aang'ono za chipembedzo chawo, monga momwe ena a inu mumachitira ku Sande sukulu kapena kumadrasa. Bambo ake anali atanyongedwa kale mu March chaka chomwecho. M'gulu lomwelo munali mayi wina ndi mwana wake wamkazi, ndipo bambo wa banjalo anali atanyongedwa masiku awiri m'mbuyo mwake. Onsewa anapatsidwa mwayi kangapo wakuti akane chipembedzo chawo kuti apulumuke, koma palibe anavomera. Mwezi wa May, asananyongedwe, Pulezidenti wa America Ronald Reagan anali atapempha poyera kuti Abaha'i oweruzidwa kuphedwa ku Shiraz akhululukidwe. Pempho lakelo silinaphule kanthu.

Komabe phokoso linakula. Manyuzipepala a m'mayiko ambiri analemba, aphungu a m'mayiko osiyanasiyana analankhula, ndipo mu 1985 msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unapereka chigamulo chake choyamba chodzudzula Iran pa za ufulu wa anthu, n'kutchulamo Abaha'i. Kuchokera m'zaka zimenezo kunyonga kunachepa kwambiri. Ine ndimakhulupirira kuti phokosolo linathandiza, chifukwa palibe boma limene limakonda kuti dzina lake lizitchulidwa chaka chilichonse pamaso pa mayiko onse ngati lopha atsikana. Koma boma la Iran silinasinthe maganizo. Linangosintha njira, ndipo njira yatsopanoyo ndi imene ikutikhudza ife ana asukulu.

Mu February 1991 khonsolo yaikulu yoona za chikhalidwe m'dzikolo inalemba chikalata chachinsinsi chofotokoza momwe boma lizichitira ndi Abaha'i. Mtsogoleri wamkulu wa dziko, Ayatollah Ali Khamenei, anasainapo. Chikalatacho chinaululidwa mu 1993 ndi Reynaldo Galindo Pohl, nthumwi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu ku Iran. Chimene chimadabwitsa n'chakuti mawu ake ndi ofatsa. Mulibe za kupha. Chimati asamamangidwe popanda chifukwa, aloledwe kupeza kangachepe kodyera, koma njira yawo yotukukira itsekedwe. Mwana aloledwe kusukulu ngati sananene kuti ndi Mbaha'i, ndipo ndi bwino amuike pasukulu yolimbikira kwambiri za chipembedzo cha boma. Ku yunivesite achotsedwe, kaya polowa kaya ali pakati pa maphunziro, zikangodziwika. Ntchito asapatsidwe akadziulula, ndipo maudindo a mphamvu, makamaka a zamaphunziro, asawayandikire n'komwe.

Taganizani bwino nzeru yake. Munthu wonyongedwa ali ndi dzina, ali ndi chithunzi, ali ndi tsiku limene anafa, ndipo atolankhani amakhala ndi poyambira. Nanga mtsikana amene akanakhala dokotala koma ali pakhomo akuthandiza mayi ake, mumujambula chiyani? Akudya, akuyenda, palibe wamumenya. Mukachulukitsa mtsikana ameneyu ndi zaka zoposa 40, mupeza mtundu wa anthu umene agogo anali madokotala ndi aphunzitsi, koma zidzukulu zikukonza magalasi a maso ndi mafiriji m'timashopu. Ndipo timashopu tomweto boma limatitseka ndi chidindo eni ake akapuma pa tsiku lawo lopatulika. Ife a ku CDSS tikudziwa ululu wa kuona khomo la yunivesite lili patali. Timaphunzira opanda labu yokwanira, buku limodzi anthu khumi, ndipo timadziwa kuti malo ndi ochepa. Koma ife tili ndi chonena chakuti ndikalimbikira mwina ndidutsa. Mwana wa Chibaha'i ku Iran akhoza kuposa onse m'kalasi mwake, ndipo amadziwiratu ali ku pulayimale kuti kulimbikirako sikudzamutsegulira khomo.

Kwa zaka zambiri msampha unali pafomu yolembetsera mayeso. Panali malo olembapo chipembedzo, ndipo zosankha zinali zinayi zokha, zovomerezeka zija. Mayiko akunja atadandaula, cha m'ma 2004 boma linati malowo sakufunsanso chipembedzo cha munthu koma phunziro la chipembedzo limene akufuna kulemba. Abaha'i analemba mayeso, koma zotsatira zitabwera anapeza kuti awalemba kuti ndi Asilamu. Kenako panabwera njira ya mapepala osakwanira ija. Ochepa amene amadutsa amachotsedwa pakati pa maphunziro, ena atatsala pang'ono kumaliza. Mu 2006 unduna woyang'anira mayunivesite unalembera kalata mayunivesite 81 kuwauza kuti achotse wophunzira aliyense wopezeka kuti ndi Mbaha'i.

Nkhaniyi ndinayamba kuitsata titapatsidwa ntchito ya za ufulu wa anthu m'phunziro la Social Studies, ndipo nditaifotokozera anzanga a m'gulu langa, mmodzi anaseka n'kunena kuti, "Aise, ndiye bwanji osangolemba Chisilamucho? Fomu imaona mumtima ngati? Ulembe, uphunzire, utenge digiri yako, uzikapemphera zako kunyumba." Anzanga ena anavomereza. Wina anawonjeza kuti kuno anthu amasintha dzina ndi zaka kuti abwereze Sitandade 8, dziko silinathe. Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo ine sindingaweruze mwana wa zaka 18 amene angatope n'kulemba. Koma taonani kuti fomuyo anaikonzera zomwezo. Boma silikusowa kudziwa chipembedzo cha mwanayo, likuchidziwa kale, n'chifukwa chake limatha kumupeza pakati pa ana zikwizikwi. Chimene likufuna ndi chakuti mwanayo akane ndi dzanja lake. Funso limene anamufunsa Mona m'ndende ndi lomwelo lili pafomu, kungoti malipiro a kukana asintha, kale unali moyo, pano ndi malo ku yunivesite. Abaha'i amaphunzitsidwa kumvera boma ndi kupewa ndale za zipani, moti mu 1983 boma litaletsa mabungwe awo anawathetsa okha. Koma amaphunzitsidwanso kuti asaname za chikhulupiriro chawo, ndipo apa m'pamene amaima.

Amene muli ndi agogo okonda kukamba zakale, kafunseni za kadi ya chipani. Kuno kwathu a Mboni za Yehova analetsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo mu 1972 ambirimbiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Nkhani yake inali kakadi kotsika mtengo kamene anakana kugula. Nthawi imeneyonso panali anthu onena kuti bwanji osangogula, kadi imaona mumtima ngati? Malamulo athu a 1994 ali ndi ndime 33 yoteteza ufulu wa chipembedzo ndi ndime 25 ya ufulu wa maphunziro, ndipo amene anazilemba anali ataona zimenezi ndi maso.

Tibwerere ku Iran. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1987 Abaha'i anayambitsa yunivesite yawoyawo, Baha'i Institute for Higher Education, mwachidule BIHE. Inalibe geti, inalibe chikwangwani. Aphunzitsi ake anali omwe aja anachotsedwa m'mayunivesite a boma. Makalasi ankachitikira pabalaza, m'khitchini ndi m'zipinda zapansi za nyumba za anthu. Poyamba ambiri ankaphunzira kudzera m'makalata, ndipo ntchito zolemba zinkayenda pamanja kuchoka mzinda wina kupita wina. Intaneti itabwera, aphunzitsi ongodzipereka a m'mayiko ena anayamba kuthandiza. Ife amene timakopa notsi za buku limodzi mosinthana tikhoza kumvetsa moyo umenewu kuposa ana a m'sukulu zapamwamba. Chinanso chimene chinandisangalatsa, atsikana mumve, n'chakuti chiphunzitso chawo chimati banja likalephera kuphunzitsa ana onse, liyambe ndi ana aakazi, poti iwo ndiwo adzakhale aphunzitsi oyamba a ana awo.

Boma silinakondwere. Mu 1998 apolisi analowa m'nyumba pafupifupi 500, kulanda mabuku, makompyuta ndi zipangizo za labu, n'kumanga aphunzitsi ndi ogwira ntchito osachepera 36. Mu May 2011 anachitanso chimodzimodzi, ndipo anthu 7 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 4 kapena 5 aliyense. Mlandu wake, kuphunzitsa! Satifiketi ya BIHE boma la Iran siliivomereza, koma mayunivesite angapo a ku Canada, America, Britain ndi Australia amalandira omaliza maphunziro ake kuti akachite digiri yachiwiri. Pa thandizo lonse lochokera kunja, ine ndimaona kuti ili ndilo logwirika, chifukwa limafika m'manja mwa mwana weniweni.

Nanga mayiko ena onse achitapo chiyani? Kulankhula ndiye alankhula. Pafupifupi chaka chilichonse msonkhano waukulu wa United Nations umapereka chigamulo chodzudzula Iran, ndipo kuyambira 2003 amene amachibweretsa ndi dziko la Canada. M'zaka zaposachedwa mayiko pafupifupi 80 amavomereza, pafupifupi 30 amakana, ndipo oposa 60 amangokhala osavota mbali iliyonse, ambiri a mu Africa muno ali m'gulu limeneli. Chigamulocho chilibe mano, sichikakamiza aliyense. Mu 2011 Desmond Tutu wa ku South Africa ndi José Ramos-Horta wa ku East Timor, onse opata mphotho ya Nobel, analemba kalata yapoyera yopempha kuti aphunzitsi a BIHE amasulidwe. Mtolankhani wa ku Iran Maziar Bahari, amene si Mbaha'i, anapanga filimu yotchedwa To Light a Candle mu 2014, ndipo m'dera la Harlem ku New York anthu anajambula zithunzi zikuluzikulu m'makoma zonena kuti maphunziro si mlandu. Mu April 2024 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena kuti zimene boma la Iran likuchita kwa Abaha'i ndi mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu.

Boma la Iran limayankha kuti palibe amene akuzunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo omangidwawo ndi akazitape a Israel. Umboni wake? Likulu la Abaha'i lili ku Haifa. Koma mukukumbukira uja anamusamutsira ku Akka? Anafika kumeneko mu 1868 ngati mkaidi, derali lili m'manja mwa ufumu wa Ottoman, zaka 80 dziko la Israel lisanakhazikitsidwe. Ndiye kuti olamulira anamuthamangitsira munthu kumalo ena, kenako olamulira a pambuyo pake akuimba mlandu omutsatira chifukwa manda ake ali kumeneko. Ndipo ngati nkhani ndi ya ukazitape, bwanji kazitapeyo amakhululukidwa akangolemba chipembedzo china pafomu? Nanga akufa nawonso ndi akazitape? Mu 2014 asilikali a Revolutionary Guards anakumba manda akale a Abaha'i ku Shiraz, momwe munagona Mona ndi anzake aja, kuti amangepo malo a masewera ndi zachikhalidwe. Mu August 2022 nyumba za alimi Achibaha'i zinagumulidwa m'mudzi wa Roshankouh, m'chigawo cha Mazandaran, minda yawo n'kulandidwa.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimaona kuti mayiko amadzuka pakakhala mtembo, koma pakakhala fomu amayasamula. Chikalata cha 1991 chakhala chikudziwika kwa zaka zoposa 30, ndipo chikugwirabe ntchito. Iran inasaina mapangano a United Nations a ufulu wa anthu n'kuwavomereza mu 1975, ndipo sinatulukemo. Mayiko akakhala pansi ndi Iran, nkhani imakhala ya zida za nyukiliya ndi mafuta, ya ana asukulu imabwera anthu akutolera kale mapepala. Komabe sindigwirizana ndi onena kuti zigamulozo n'zopanda ntchito. Boma limene silisamala za mbiri yake silikanavutika kubisa chikalata chija, silikanasinthasintha mawu a pafomu, silikanapeka za mapepala osakwanira. Likanangolemba poyera kuti Mbaha'i asalowe. Bodzalo likusonyeza kuti likudziwa kuti pali amene akuyang'ana.

Ndinalonjeza za Asilamu a ku Iran komweko. Mu 2008 atsogoleri 7 a Abaha'i anamangidwa, ndipo loya amene anavomera kuwaimira anali Shirin Ebadi, mayi wa Chisilamu amene analandira mphotho ya Nobel mu 2003. Anamuopseza, nyuzipepala za boma zinamunyoza, koma sanawasiye. Chaka chomwecho Ayatollah Montazeri, mmodzi wa akuluakulu achipembedzo olemekezeka m'dzikolo, amene kale ankayembekezeka kulowa m'malo mwa Khomeini, ananena kuti Abaha'i ndi nzika za Iran ndipo ali ndi ufulu wa nzika. Mu 2016 Faezeh Hashemi, mwana wa pulezidenti wakale Rafsanjani, anakacheza kunyumba kwa Fariba Kamalabadi, mmodzi wa atsogoleri 7 aja, atapatsidwa masiku ochepa otuluka m'ndende. Awiriwa anadziwana ali akaidi m'ndende ya Evin. Chithunzi cha kuchezako chitatuluka, akuluakulu ena anakwiya mpaka kufuna kuti Faezeh aimbidwe mlandu, koma iye anakana kupepesa.

Mmodzi mwa atsogoleri 7 aja ndi Mahvash Sabet. Anali mphunzitsi komanso hedi wa sukulu, anachotsedwa ntchito boma litasintha mu 1979, ndipo pambuyo pake anatsogolera BIHE kwa zaka 15. Mu 2010 iye ndi anzake anaweruzidwa zaka 20, kenako zinachepetsedwa kufika 10. Ali m'ndende ankalemba ndakatulo zimene zinkatuluka mobisa, ndipo zinamasuliridwa m'Chingerezi m'buku lotchedwa Prison Poems. Anatuluka mu 2017, chaka chimene bungwe la alembi la PEN linamupatsa ulemu wa mlembi wolimba mtima. Dzina lake linali litamveka m'mayiko ambiri, ndipo wina akanaganiza kuti munthu wodziwika chonchi sangamukhudzenso. Pa 31 July 2022 anamugwiranso pamodzi ndi Fariba Kamalabadi, ndipo chaka chomwecho chisanathe onse awiri anapatsidwa zaka zina 10. Mahvash anali ndi zaka 69.